Kutsika Chigwembe cha Samaria: Chomwe Chimaumitsa Ulendo wa Tsiku Limodzi

Mawu oyamba

Munthu wakwathu kuno akamva dzina loti Samaria, maganizo ake amathamangira kwa Msamariya wachifundo wa m'Baibulo. Komatu pali Samaria wina yemwe sakhudzana konse ndi ameneyo. Uyu ndi chigwembe chachikulu chomwe chili kumadzulo kwa chilumba cha Crete m'dziko la Greece. Chaka ndi chaka anthu zikwizikwi ochokera m'maiko osiyanasiyana amapita kukayenda m'chigwembechi, kuyambira pa chidikha cha pamwamba pa mapiri mpaka kukafika kunyanja. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 16, ndipo ambiri amautha pa maola apakati pa asanu ndi asanu ndi awiri.

Popeza njirayi ndi yotsetsereka, anthu ambiri amaiyamba ali ndi maganizo oti ndi yophweka. Amafika kunyanja miyendo ikunjenjemera, ena akuchita kutsimphina. Cholinga cha chimangirizo chino ndi kufotokoza chomwe chimachititsa zimenezi. Mfundo yaikulu ndi yoti kuvuta kwa ulendowu kudachokera ku zomwe madzi adachita pa mwala wa laimu, ndiponso kuti eni dera adasiya chenjezo la gawo lililonse la njirayi m'maina omwe adapatsa malowo. Choncho tiyamba ndi mwalawo, kenaka titsata njirayo dzina ndi dzina.

Mwala womwe umasungunuka

Mapiri omwe chigwembechi chili amatchedwa Lefka Ori, kutanthauza Mapiri Oyera m'Chigiriki. Amayera ndi chipale chofewa m'nyengo yozizira, ndipo chipalecho chikasungunuka amaonekabe otuwa chifukwa cha mwala wa laimu. Mwala umenewu ndi womwe timawotcha kuti tipeze njereza yopaka nyumba, komanso ndi womwe amapangira simenti. Udapangika kalekale pansi pa nyanja kuchokera ku zigoba za tizilombo ta m'madzi zomwe zidaunjikana n'kugwirana. Kuti mwala wa pansi pa nyanja upezeke pamwamba pa phiri ndi chifukwa choti chigawo cha nthaka chomwe chidanyamula Africa chimayenda pang'onopang'ono kulowera kumpoto n'kumalowa pansi pa dera la Greece, motero chimatukula chilumba cha Crete. Nsonga yaitali kwambiri ya mapiriwa, Pachnes, ndi yotalika mamita 2,453. Kutukukaku nthawi zina kumachitika mwadzidzidzi: chivomezi cha m'chaka cha 365 chidakweza mbali ina ya kumadzulo kwa chilumbachi ndi mamita pafupifupi 9.

Mwala wa laimu uli ndi khalidwe limodzi lomwe miyala yambiri ilibe: umasungunuka m'madzi a mvula. Mvula ikamagwa imasakanikirana ndi mpweya wa carbon dioxide, womwe uli m'mlengalenga ndi m'nthaka, n'kusanduka asidi wofooka kwambiri. Asidiyu sangapweteke munthu, koma akamalowa m'ming'alu ya mwala kwa zaka zikwi zambiri amaikulitsa mpaka kusanduka maenje, mapanga ndi ngalande za pansi pa nthaka. Akatswiri amatcha dera lotere kuti karst. Liwuli lidachokera ku dzina la chidikha cha Kras, chomwe chili m'malire a Slovenia ndi Italy, ndipo lidafala kwambiri Jovan Cvijić, katswiri wa ku Serbia, atalemba za malo oterewa mu 1893.

Ku Samaria zinthu ziwirizi zidakumana. Pomwe mapiri ankatukuka, mtsinje wa Tarraios unkadula mwalawo kulowa pansi pofuna njira yakunyanja. Chifukwa choti laimu ndi wolimba ndipo madzi ambiri amalowa m'kati mwake m'malo mokokolola m'mbali, makoma a chigwembe sadagumuke n'kukhala otsetsereka pang'onopang'ono monga zimakhalira m'zigwa zina. Adatsala chiimire ngati zipupa.

Omalos: malo osalala

Ulendo umayamba m'bandakucha. Ambiri amakwera basi kuchokera mumzinda wa Chania, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, kupita ku chidikha cha Omalos chomwe chili pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000 kuchokera pomwe pali nyanja. Dzinali limatanthauza malo osalala kapena athyathyathya. Ophunzira chiyankhulo angakondwe kudziwa kuti liwu la Chingerezi loti anomaly lili ndi tsinde lomweli, kungoti lidalandira mphatikiri wotsutsa, motero limatanthauza chinthu chosalingana ndi zinzake.

Chidikhachi chazunguliridwa ndi mapiri mbali zonse ngati mbale, ndipo palibe mtsinje wotuluka m'menemo. Madzi a mvula ndi a chipale amalowa pansi kudzera m'maenje ndi m'phanga lotchedwa Tzanis. Dothi lomwe lidatsalira pakati pa chidikhachi ndi lachonde, kotero anthu amalimapo mbatata yakachewere ndi kudyetserapo nkhosa ndi mbuzi m'nyengo yotentha. M'mawa pamalopa pamazizira ngakhale m'chilimwe. Apa ndi pomwe mlendo amayambira kunyengeka: amavala zamphepo, amaona malo osalala, n'kumayesa kuti tsiku lonse likhala lotero.

Xyloskalo: makwerero a mitengo

Kumapeto a chidikhachi, cha kummwera, nthaka imangothera m'malere. Malowa ndi Xyloskalo, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,230, ndipo ndi pomwe pali khomo lolowera. Dzinali lidapangidwa ndi mawu awiri: xylo, mtengo kapena thabwa, ndi skala, makwerero. Limakumbutsa za mitengo yomwe eni dera ankayala pa phompholi kuti athe kutsika ndi kukwera. Lero pali njira yokhotakhota ya miyala yokhala ndi mitengo yogwirira m'mbali, koma kutsetsereka kwake sikudasinthe. Pa makilomita anayi oyamba, kukafika pa katchalitchi ka Agios Nikolaos, munthu amatsika mamita pafupifupi 600.

Gawo ili ndilo limawononga miyendo, ngakhale kuti mwini wake sazindikira msanga. Pokwera phiri, chomwe chimavutika ndi mtima ndi mapapo, ndipo wefuwefu amamuuza munthu kuti apume. Potsika sizitero. Mpweya umakwana bwinobwino, koma minofu ya m'ntchafu imagwira ntchito ya mabuleki: pa sitepe iliyonse imalimba uku ikukokeka pofuna kuletsa thupi kugwa. Kagwiridwe ka ntchito kotere kamang'amba timinofu ting'onoting'ono, ndipo ululu wake umadzamveka bwino patapita tsiku limodzi kapena awiri. Mawondo nawo amalandira kulemera konse kwa thupi, pomwe zala zakumapazi zimagunda kutsogolo kwa nsapato mpaka kutuluka matuza. Vuto lina ndi loti miyala ya laimu ikapondedwa ndi anthu ambiri imasalala n'kuyamba kuterera. Yemwe wathamanga pano poopa kuchedwa amakalipira kutsogolo, pomwe kwatsala makilomita oposa khumi.

Mbali imeneyi ili ndi mthunzi wa mitengo ya paini ndi ya cypress, yomwe ndi ya banja limodzi ndi mkungudza wa ku Mulanje. Mulinso akasupe angapo a madzi abwino, choncho botolo limodzi lomadzazanso m'njira ndi lokwanira.

Samaria: mudzi womwe udasamuka

Chapakati pa ulendo, munthu atayenda makilomita ngati asanu ndi awiri, amafika pa mabwinja a mudzi wa Samaria. Dzina la mudziwu, lomwenso lidakhala dzina la chigwembe chonse, lidachokera ku katchalitchi kakale ka Osia Maria, Maria woyera wa ku Egypt. Pofulumira kuyankhula, mawu awiriwo adalumikizana ndipo maphatikizo ena adamezedwa mpaka kutsala Samaria. M'Chigiriki liwuli amalitchula motsindika phatikizo lomaliza, ndipo izi zimalisiyanitsa ndi Samaria wa m'Baibulo, yemwe dzina lake lidachokera ku Chiheberi. Kufanana kwa mainawa kudangochitika mwangozi, ndipo ndi phunziro kwa wofufuza chiyambi cha mawu kuti asamagamule potengera kamvekedwe kokha.

Chigwembechi chidakhazikitsidwa kukhala malo otetezedwa mu 1962, ndipo mabanja omwe adatsala m'mudzimo adasamutsidwa. Chimodzi mwa zifukwa zake chidali kuteteza mbuzi yakutchire yotchedwa kri-kri, yomwe eni dera amaitcha agrimi. Mu 1981 bungwe la UNESCO lidaika malowa m'gulu la madera ofunika kusamalidwa chifukwa cha zamoyo zake. Mbuzizo zidapulumuka ndipo nthawi zina zimaoneka zikuyendayenda m'mabwinjamo, koma mtengo wake udali mudzi wathunthu. Nyumba zina zakale tsopano zimagwiritsidwa ntchito ndi alonda a malowa.

Kubisika kwa chigwembechi kudachipangitsanso kukhala pothawira. Anthu ankabisalamo pa nkhondo zolimbana ndi ulamuliro wa Ottoman. Mu Meyi 1941, asilikali a Germany atalowa pa Crete, mfumu George II ya Greece pamodzi ndi nduna yake yaikulu, Emmanouil Tsouderos, adadzera njira yomweyi kukafika kugombe, komwe sitima yankhondo ya Britain idawatenga kupita nawo ku Egypt.

Portes: zipata

Kupitirira mudziwu makoma amayamba kuyandikana ndipo njira imalowa m'khwawa la mtsinje. Apa munthu amayenda pa miyala yobulungira yomwe imagwedezeka ikapondedwa, ndipo akakolo otopa kale amabinya mosavuta. Mtsinjewo m'malo ena umasowa, n'kukatulukira kumunsi ngati kasupe. Ichi ndi chizindikiro china cha dera la laimu: madzi alipo, koma akuyenda pansi pa nthaka.

Atayenda makilomita ngati 11, mlendo amafika pa Portes, kutanthauza zipata kapena zitseko. Pamenepa mpata wa pakati pa makoma awiri ndi mamita atatu kapena anayi okha, pomwe makomawo amatalika pafupifupi mamita 300. Anthu amadutsa pa timilatho ta matabwa toyalidwa pamwamba pa madzi. Malowa ndiwo okongola kwambiri, komanso ndiwo amaonetsa poyera kuopsa kwa chigwembechi. Mvula yonse yogwa m'mapiri ozungulira, yomwe siyidalowe pansi, iyenera kudutsa pa kampata kameneka. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Pamwamba pakagwa mvula yamphamvu, mtsinje umadzaza m'kanthawi kochepa, ndipo yemwe ali pakati pa makomawo alibe kothawira. Mvula, mphepo ngakhale mbuzi zoyenda m'mwamba zimathanso kugwetsa miyala.

N'chifukwa chake chigwembechi chimatsekulidwa m'nyengo yopanda mvula yokha, kawirikawiri kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ndipo oyang'anira amachitseka tsiku lililonse lomwe nyengo ikuoneka yokayikitsa. Kugona m'katimo n'koletsedwa. Tikiti yomwe munthu wagula polowa amaionetsanso potuluka kuti alonda adziwe ngati wina watsalira. M'chigwembemo mulibe msewu wa galimoto, choncho wovulala amanyamulidwa pa nyulu.

Agia Roumeli: mudzi wa kugombe

Malire a malo otetezedwa ali pa makilomita pafupifupi 13, koma ulendo umakhala usanathe. Pamatsala makilomita ena atatu kukafika ku mudzi wa Agia Roumeli, m'mbali mwa Nyanja ya Libya, pomwe kale padali mzinda wa Tarra umene dzina lake lidatsalira pa mtsinje uja. Gawo lomalizali ndi losalala koma lilibe mthunzi wokwanira, ndipo ambiri amalifika masana dzuwa lili paliwombo. Mpweya umatentha ndi madigiri pafupifupi asanu ndi limodzi pa mamita 1,000 alionse omwe munthu watsika, kotero yemwe amanjenjemera ndi mphepo ku Omalos m'mawa amafika kuno thukuta lili kamukamu.

Ku Agia Roumeli kulibe msewu wa basi wolumikiza mudziwu ndi matauni ena. Alendo amachoka pa boti lopita ku Hora Sfakion kapena ku Sougia, komwe amakakwera basi, ndipo boti lomaliza limanyamuka chakumadzulo. Walichedwerayo ayenera kugona komweko. Izi zikutanthauza kuti ulendowu uli ndi malire a nthawi. Kubwerera m'mbuyo nakonso si kwapafupi, pakuti wotopa ali pakati ayenera kusankha pakati pa kukweranso Xyloskalo ndi kupitirira kunyanja.

Mawu omaliza

Taona kuti zovuta za ulendowu zili ndi gwero limodzi. Mwala wosungunuka m'madzi ndiwo udapanga chidikha chopanda mtsinje, phompho lotopetsa mawondo, khwawa lobisa madzi ake ndi mpata wopapatiza womwe umaopsa mvula ikagwa. Wofuna kuyenda njirayi ayenera kulawira, kuvala nsapato zolimba zomwe adazizolowera kale, kutsika modekha pa makilomita oyamba, kumwa madzi pa kasupe aliyense ndi kumvera alonda akati lero kulibe kulowa.

Kwa ife ophunzira chiyankhulo pali phunziro linanso. Abusa ndi alimi a ku Crete sankadziwa liwu loti karst, koma maina omwe adasiya, malo osalala, makwerero a mitengo, zipata, amafotokoza njira yonse mwatsatanetsatane ndiponso m'ndondomeko yake. Mlendo wosadziwa Chigiriki amawawerenga pa zikwangwani ngati mawu wamba, pomwe akadafunsa tanthauzo lake akadadziwiratu chomwe chikumudikira. Maina a malo amasunga nzeru za anthu omwe adayenda pamalopo kwa zaka mazana ambiri, ndipo ntchito yowamasulira ndi imodzi mwa ntchito zomwe maphunziro athu angathandize nazo anthu.