Kodi Mumadziwa? Timakiyi Tobisika ta Nintendo Switch

Kodi mumadziwa kuti emulator ya Nintendo Switch, pulogalamu yoseweretsa magemu a kamakina kam'manja aka pa kompyuta kapena pafoni, singatsegule gemu yogulitsidwa m'sitolo popanda kafailo kotchedwa prod.keys? Magemuwa amatuluka ali okhomedwa ndi masamu obisa, ndipo makiyi ake amakhala m'mimba mwa Switch yeniyeniyo. Mukakatsegula kafailoko mupezamo mizere ya mayina a makiyi, dzina lililonse lotsatiridwa ndi manambala ndi zilembo zoyambira A kulekeza F. Chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp chimakaposa kukula.

Kodi mumadziwa kuti makiyiwa amatha ntchito? Nintendo ikatulutsa firmware yatsopano, pulogalamu yoyendetsa makinawo, nthawi zina imawonjezera kiyi wina, ndiye gemu yatsopano imakana makiyi akale. Munthu amangoona gemu yosatseguka n'kuyamba kutukwana kompyuta yosalakwa.

Nanga zoti kawaya kopanira mapepala kanathandiza kuthyola chitetezo chonsechi? Mu Epulo 2018, Kate Temkin ndiponso gulu la fail0verflow anaulula chilema mu chip ya Nvidia Tegra X1, imene ndi ubongo wa Switch. Anthu ankapinda kawayako n'kukhudzitsa pini ya nambala 10 m'kanjira kolowetsamo chogwirira cha kumanja chotchedwa Joy-Con, makinawo n'kudzukira m'njira yokonzera, momwe ankatha kuwalamula zimene Nintendo sinalole. Chilemacho chinali m'gawo la chip losalembedwanso, motero update sikanachichiza. Nintendo inachita kusintha makina otuluka m'fakitale pambuyo pake.

Kodi mumadziwa kuti opanga Yuzu sankaika makiyi mu emulator yawo? Ankauza aliyense kuti akoke ake mu Switch yake. Nzeru imeneyi sinawapulumutse. Mu Febuluwale 2024 Nintendo inasumira kampani yawo, Tropic Haze, pogwiritsa ntchito lamulo la ku America la DMCA la 1998, loletsa kulambalala maloko a zinthu zokhala ndi umwini. Inanenanso kuti gemu ya Tears of the Kingdom inakopedwa mwakuba koposa kamiliyoni isanatuluke mu Meyi 2023. Pofika Malichi 2024, Tropic Haze inavomera kulipira madola 2.4 miliyoni n'kutseka. Choti tisaiwale n'chakuti anagwirizana okha, woweruza sanafike poti agamule ngati kukoka makiyi m'makina amene unagula ndi ndalama zako n'kulakwa.

Citra, emulator ya Nintendo 3DS, inagwera limodzi chifukwa eni ake anali omwewo. Ryujinx, emulator inanso ya Switch, inatseka mu Okutobala chaka chomwecho.