Mmene alimi a ku Ireland ankapangira batala pakhomo

Kwa zaka mazana ambiri, batala ndiye anali chuma cha mabanja a kumidzi ku Ireland, ndipo amayi ndi amene ankamupanga. Ndalama za batala zinkathandiza kulipira lendi ya minda, motero batala akawonongeka banja lonse linkakhala pa nkhawa.

Ntchitoyi inkayamba akangokama ng'ombe. Mkaka ankauthira m'mbale zazikulu zosazama n'kuusiya pamalo ozizira kwa tsiku limodzi kapena awiri kuti mafuta ake ayandame. Mafutawo ankawayengula ndi kuwasunga mpaka atayamba kuwawasa ngati chambiko. Kenaka ankawathira mu mgolo wautali wamatabwa, womwe chivundikiro chake chinali ndi bowo pakati. Pabowopo pankadutsa ndodo yokhala ndi kathabwa kumunsi, ndipo munthu ankaikweza ndi kuitsitsa mosalekeza. Kugwedezekako kunkachititsa kuti timadontho ta mafuta tigwirane mpaka kupanga timibulu ta batala, madzi a mkaka n'kupatuka.

Batalayo ankamutsuka ndi madzi ozizira, kumukanya ndi timatabwa kuti madzi onse atuluke, kenaka n'kumuthira mchere. Madzi a mkaka akatsalira mkati, batala ankasasa msanga. Madziwo sankatayidwa: ankawamwa podya mbatata ya kachewere, kapena kuphikira buledi wa soda. Mlendo akapeza eni nyumba ali pa ntchitoyi, mwambo unali wakuti naye agwireko ndodoyo, chifukwa anthu ankakhulupirira kuti wokana angachoke ndi mwayi wa batalayo.

Batala wogulitsa ankamulongedza m'timigolo n'kupita naye ku msika wa mumzinda wa Cork, womwe m'zaka za m'ma 1800 unali waukulu koposa pa misika ya batala padziko lonse. Kumeneko akatswiri ankayesa mgolo uliwonse ndi kuuika m'giredi, ndipo mtengo unkatsata girediyo.

Vuto linali lakuti batala wa pakhomo ankasiyana ubwino wake khomo ndi khomo. Makina olekanitsa mafuta ndi mkaka atatulukira cha m'ma 1878, alimi a ku Denmark anayamba kupanga batala wofanana nthawi zonse, ndipo analanda msika wa ku Britain. Poona izi, a Horace Plunkett analimbikitsa alimi kugwirira ntchito limodzi. Mu 1889 fakitale yoyamba ya mkaka yoyendetsedwa ndi kopaletivi inakhazikitsidwa ku Dromcollogher, m'boma la Limerick. Alimi anayamba kutengera mkaka wawo kumalo amodzi, komwe unkayesedwa ndipo aliyense ankalipidwa molingana ndi kuchuluka kwa mafuta ake. Msika wa ku Cork unatsekedwa mu 1924.

Kusinthaku kunachepetsa ntchito yolemetsa ya amayi, koma kunachotsanso m'manja mwawo ndalama zimene ankazilamulira okha. Ili ndi funso loyenera kuliganizira pamene gulu la alimi likukhazikitsa malo osonkhanitsira zokolola: ndalama zikabwera, adzazilandira ndani?