Zimene ana a ku Chirunga sankanena poyera

Pakanapezeka munthu wofunsa ophunzira amene ankamaliza maphunziro pa Chancellor College ku Zomba cha m'ma 1980 kuti ndi mtsogoleri uti amene amamukonda, onse akanatchula dzina limodzi. Akanawafunsa ngati dziko likuyenda bwino, onse akanavomera. Mayankho otere sakanatiuza za mumtima mwawo, chifukwa nthawi imeneyo mawu olankhulidwa m'chipinda chogona ankatha kufika kupolisi dzuwa lisanatuluke. Ndiye wofuna kudziwa maganizo a achinyamata amenewo ayenera kuyang'ana zimene ankakonda: ndakatulo zimene ankawerengerana, zisudzo zimene ankachita, timagazini timene ankasindikiza okha. Zinthu zimenezi ambiri amaziona ngati masewera a ana a sukulu, koma ine ndikuti ndi mbiri yeniyeni ya dziko lino, ndipo tikuisunga mosasamala.

Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri, mumzinda wa Blantyre, ndi ophunzira osapitirira 100. Mu 1973 Chancellor College inasamukira ku Chirunga, m'munsi mwa phiri la Zomba, itaphatikizana ndi koleji ya aphunzitsi ya Soche Hill ndi sukulu ya za kayendetsedwe ka boma ya ku Mpemba. Patangopita zaka ziwiri likulu la dziko linachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe, tauniyo n'kutsala ya ophunzira, asilikali, apolisi ndi ndende. Mkulu wa yunivesite anali Kamuzu Banda mwini wake. Chaka chomwe kolejiyo inafika ku Zomba ndi chomwenso lamulo la kavalidwe linakhazikitsidwa, loletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Bungwe lounika mabuku ndi mafilimu linalipo kale kuyambira 1968. Wailesi inali imodzi, ya MBC, ndipo kanema wa dziko lino anadzayamba mu 1999. Wophunzira ankadya kukafeteriya, kugona m'hositelo ndi kulandira alawansi, koma boma lomwe linkamudyetsalo linkatcheranso khutu ku zimene akunena.

M'malo otere ndi mmene munakulira gulu la olemba la Writers' Group, limene linayamba mu 1970 kolejiyo idakali ku Blantyre. Linkakumana sabata ndi sabata, ophunzira ndi aphunzitsi kukhala pamodzi, wina kuwerenga zimene walemba, ena kumudzudzula. Mayina a Jack Mapanje, Frank Chipasula, Lupenga Mphande, Felix Mnthali, Steve Chimombo ndi Anthony Nazombe anadutsa mmenemo, ndipo zolemba zawo zinkatuluka m'magazini monga Odi ndi The Muse. Chimene chimandikhudza kwambiri ndi mmene phiri la Zomba linawabwerekera chilankhulo. Chimombo anatenga Napolo, chinjoka chimene anthu amati chikamasamuka kuphiri chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi, monga zinachitikira ku Zomba mu 1946, n'kumuika pakati pa ndakatulo zake. Mapanje anatenga dzenje la Chingwe la pamwamba pa phiri, limene anthu amasimba kuti kale ankaponyamo anthu. Wounika mabuku akawerenga ankaona nthano za makolo. Wophunzira amene mnzake wasowa usiku ankamva zina. Gulu la zisudzo la Travelling Theatre linkachitanso chimodzimodzi potengera masewero ake kwa anthu a m'matauni ndi m'midzi. Kuti boma linadzazindikira, umboni wake ndi wakuti Mapanje, amene buku lake la Of Chameleons and Gods linatuluka mu 1981, anamangidwa mu Seputembala 1987 pa Gymkhana Club mu Zomba momwemo, ndipo anakhala m'ndende ya Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu.

Wina anganene kuti awa anali anthu ochepa kwambiri, osankhika, odya zaulere pamene abale awo kumudzi ankagula makadi a chipani mokakamizidwa, ndipo ambiri ankalemba m'Chingerezi chimene mlimi wa ku Jali kapena ku Mayaka sakanachimva. Nzoona, ndipo palibe chifukwa chobisira. Koma kuchepa kwawoko ndi kumene kukuchititsa kuti nkhani yawo ikhale yofunika. Yunivesite inali imodzi m'dziko lonse, choncho majaji, aphunzitsi akuluakulu a sekondale, alembi a m'maunduna ndi andale a m'zaka zotsatira anachokera m'makalasi amenewa. Zimene anaphunzira kuopa, kuseka ndi kubisa ali ndi zaka 20 anapita nazo m'maofesi amene akhala akutilamulira. Komanso sanangothera m'mafanizo. Boma litayamba kusankha ophunzira motengera maboma ochokera, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, magazini ya ophunzira ya Chirunga Newsletter inadzudzula, ndipo ena anachotsedwa sukulu chifukwa cha zimenezo. Maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula boma pa 8 Malichi 1992, ophunzira a ku Chirunga anali m'gulu la oyamba kuyenda mumsewu poivomereza, kolejiyo n'kutsekedwa. Kulimba mtima kumeneko sikunagwe kumwamba tsiku limodzi. Kunaleredwa zaka makumi awiri m'misonkhano ya ndakatulo ndi m'manong'onong'o a m'hositelo, ndipo pa 14 Juni 1993 dziko linavotera zipani zambiri.

Chodandaula china n'chakuti nkhani za kale zimakoma mopitirira, moti akuluakulu akakumana amangokumbukira chakudya chokhutitsa, magule a Loweruka ndi maulendo okwera ku Chawe kukaona damu la Mulunguzi. Apa ndikuvomereza kuti ngozi ilipo. Akazi anali ochepa pasukulupo, ndipo mawu awo samveka kwenikweni m'zimene zinasindikizidwa. Analiponso ophunzira amene ankakonda boma ndi mtima wonse, ena amene ankangofuna digiri ndi ntchito, ndi ena amene ankapereka anzawo. Koma mankhwala a kukometsa mbiri ndi kumva anthu ambiri, osati kusiya kufunsa. Tikangodalira olemba otchuka asanu kapena asanu ndi mmodzi, tidzaganiza kuti aliyense ku Chirunga anali wandakatulo wolimba mtima, zomwe si zoona.

Amene anamaliza maphunziro m'zaka zoyamba za ku Zomba tsopano adutsa zaka 70. Timagazini tawo tinasindikizidwa pa mapepala osalimba, ndipo zithunzi, makalata ndi mapulogalamu a zisudzo zili m'masutikesi m'nyumba za anthu, mmene chiswe ndi chinyezi sizidikira. Kuyambira 2021 Chancellor College ndiyo yatsala ndi dzina la Yunivesite ya Malawi, ndipo nyumba yosunga mbiri ya dziko, National Archives, ili mu Zomba momwemo. Ophunzira a mbiri ndi a utolankhani alipo, mafoni ojambula mawu ali m'matumba mwawo. Yunivesite iwatume kwa akuluakuluwa, amayi akhale oyamba, akawafunse zimene ankawerenga, nyimbo zimene ankavina, mphunzitsi amene ankamukhulupirira ndi mnzawo amene ankamuopa.