Miseu ya Bata ya ku Bourgogne

Ambiri a inu mukamva dzina la dziko la France mumaganiza msanga za Paris, mzinda wa nyumba zosanjikizana ndi magalimoto osawerengeka, kapena za mpikisano uja wa njinga wotchedwa Tour de France, umene unayamba m'chaka cha 1903, mmene anyamata amathamanga osaona ngakhale mudzi umene ali kupitamo. Mwezi uno tisiye zimenezo, tikutengeni ku miseu ina ya dziko lomwelo, kumene munthu angathe kupalasa njinga kuyambira mmawa kufikira dzuwa lili paliwombo, wosamva kanthu koma kulira kwa ng'ombe ndi belu la tchalitchi. Miseu yotere ilipo yambiri, koma ife tasankha ya kummwera kwa chigawo cha Bourgogne, pakati pa mizinda ya Chalon-sur-Saône ndi Mâcon. Tifuna kudziwa kuti bata lotere linachokera kuti m'dziko la anthu oposa 68 miliyoni.

Tiyambe ndi njira imene kale inali njanji. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anayala njanji yopita m'midzi ya m'tsinde mwa mapiri, kuti itenge vinyo, ng'ombe, miyala ndi anthu opita kumsika. Inagwira ntchito yake zaka zambiri, kufikira anthu anazolowera magalimoto, ndipo sitima inasowa okwera, nileka kuyenda. Udzu unamera pakati pa zitsulo. Tsono m'chaka cha 1997 akulu a boma la Saône-et-Loire anatsegula pamalo pomwepo njira ya phula ya makilomita 44, kuchokera ku Givry kufikira ku Cluny, nalamula kuti pasapite galimoto kapena njinga yamoto. Eni dziko amaitcha voie verte, ndiko kunena njira yobiriwira, ndipo ili m'gulu la njira zoyamba za mtundu wake m'dziko lonselo.

Ubwino wake wagona apa: sitima siikonda chitunda. Amisiri akale, pofuna kuti sitima isalephere, anagumula zitunda, nakwirira zigwa, namanga milatho, kotero kuti lero gogo wa imvi ndi mdzukulu wake wa zaka 6 angathe kuyenda pamodzi osatsika kukankha njinga. Kudzanja lina aona minda ya mpesa yokwera m'mapiri a ku Givry ndi ku Buxy, imene amakolola m'mwezi wa Seputembala. Kudzanja linalo aona madambo ndi ng'ombe zoyera mbuu za mtundu wa Charolais. Nyumba zina za siteshoni zikali chiimire, ndipo mmene kale ankagulitsamo matikiti, tsopano muli obwereketsa njinga. Pa Cormatin pali nyumba yaikulu ya mfumu yozingidwa ndi madzi, yomangidwa zaka 400 zapitazo, ndipo patsogolo pang'ono, pamwamba pa chitunda, paoneka mudzi wa Taizé.

Pofika ku Cluny mlendo ayenera kutsika panjinga. Pamenepa amonke anakhazikitsa nyumba yao m'chaka cha 910, ndipo pambuyo pake anamanga tchalitchi cha mamita 187 m'litali, chimene chinaposa matchalitchi onse a ku Ulaya kufikira pamene anamanganso cha Petro Woyera ku Roma. Itapita nthawi ya chipolowe chachikulu cha 1789, tchalitchicho chinagulitsidwa kwa amalonda, amene anachigumula pang'onopang'ono nagulitsa miyala yake kwa omanga nyumba. Chatsala lero ndi chigawo chaching'ono ndi nsanja yake, koma ngakhale chotsalacho munthu achiyang'ana khosi lili chagada.

Kupitirira Cluny, polowera ku Mâcon, njira ilowa m'mimba mwa phiri. Mphanga imeneyi, ya dzina lakuti Bois Clair, anaiboola chifukwa cha sitima, ndipo kutalika kwake ndi makilomita 1.6. Ngakhale kunja kutenthe chotani, mkatimo muli mozizira ndi monyowa, kotero wanzeru avala chofunda asanalowe. Koma tamverani ichi: nyengo ya chisanu ikayandikira, cha m'mwezi wa Okutobala, amatseka mphangayo kufikira chisanu chitatha, chifukwa mileme imagonamo miyezi yonseyo, ndipo lamulo la dziko liletsa kuivutitsa. Wapanjinga wofika nthawi imeneyo ayenera kukwera phiri, thukuta lili kamukamu, kuti mileme igone bwino. Ena angaseke, koma ife tiona kuti pali ulemu wina pamenepa, pakuti sitima itachoka, oyamba kulowa m'nyumbamo inali milemeyo, apanjinga nabwera pambuyo.

Njira yachiwiri tiifotokoze mwachidule. Kuchokera ku Chalon-sur-Saône kufikira ku Digoin kuli ngalande yokumba ndi manja, Canal du Centre, ya makilomita 112, imene mmisiri Émiland Gauthey anayamba kuikumba m'chaka cha 1784 kuti ilumikize mtsinje wa Saône ndi wa Loire. Mabwato a katundu, makamaka a makala a m'migodi ya ku Montceau-les-Mines, ankakokedwa ndi chingwe, anthu kapena akavalo ali kuyenda m'mphepete. Migodi inatsekedwa, mabwato a katundu anachepa, ndipo m'zigawo zambiri kanjira kaja ka akavalo ndiko kali kuyendamo njinga lero. Kapitanso pa Paray-le-Monial, mudzi umene ambiri a inu muudziwa chifukwa cha Margarita Maria Alacoque Woyera ndi Mtima Woyera wa Yesu.

Koma njira zimene ife tiziyesa zoposa zonse ndi zachitatu, timiseu ta pakati pa midzi, timene palibe anatikonzera alendo. Dziko la France lili ndi midzi ndi mizinda yodzilamulira yokha pafupifupi 35,000, uliwonse ndi mfumu yake yosankhidwa, ndipo yambiri ndi yaing'ono zedi. M'chaka cha 1836 boma linaika lamulo lakuti mudzi uliwonse usamale miseu yake, ndipo kumene ndalama zinaperewera, mwamuna aliyense wamphamvu wa zaka 18 kufikira 60 ankayenera kupereka masiku ofika atatu pachaka kugwira ntchito ya pamseu, pamodzi ndi ngolo yake ndi ng'ombe zake, kapena kulipira ndalama m'malo mwake. Alimi sanaikonde ntchitoyo, monga mungaganize nokha. Komatu ndiyo inaluka miseu yambirimbiri yofika pafamu iliyonse ndi kamudzi kalikonse, imene pambuyo pake anaithira phula. Tsono magalimoto a ulendo wautali anatengedwa ndi mseu waukulu wa A6, wotsata chigwa cha Saône, ndipo ofulumira koposa akwera sitima yaliwiro ya TGV, imene kuyambira 1981 ipita pafupi ndi Cluny wosaima. Timiseu tija tatsalira wa makalata, mlimi ndi thirakitala lake, ndi wapanjinga.

Wofuna kutipeza atenge mapu a Michelin. Miseu yofiira aileke, pakuti ndiyo ya magalimoto ambiri. Yachikasu ndi yapakati. Yoyera ndiyo yaing'ono imene tili kunena, ndipo pamene ajambula mzere wobiriwira m'mbali mwa mseu, atanthauza kuti pamenepo pali zokongola zoti maso aone. Ayende kudzanja lamanja, pakuti ndiwo mwambo wa kumeneko. Ndipo lamulo liuza woyendetsa galimoto kuti pompitirira wapanjinga kunja kwa mzinda asiye mpata wa mita imodzi ndi theka. Akapatuka pa Cormatin kulowera kummawa, posachedwa aona nsanja ya tchalitchi cha ku Chapaize itatulukira pamwamba pa mitengo, yamiyala, yaitali mamita 35, yomangidwa zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, m'mudzi wa anthu osakwana 200. Apa zitunda zilipo ndithu, pakuti alimi a 1836 sanagumule mapiri monga amisiri a njanji. Mseu ukhota pamene munda wa munthu unakhota.

Pano tiyenera kunena chinthu chimene mlendo wokondwa ndi bata angachiiwale. Miseu imeneyi inakhala chete chifukwanso eni ake anachoka. M'chaka cha 1970 dziko la France linali ndi mafamu pafupifupi 1.6 miliyoni, powerenganso m'chaka cha 2020 anapeza ngati 390,000 okha. Mlimi mmodzi ndi makina ake alima minda imene kale inadyetsa mabanja anayi, ndipo ana a mabanja enawo ali ku Lyon, ku Dijon ndi ku Paris. Chifukwa chake wapanjinga apita m'midzi yokongola, ya maluwa m'mazenera, koma pabwalo palibe ana osewera, sukulu inasanduka nyumba ya misonkhano, ndipo wansembe mmodzi atumikira matchalitchi ambiri, ena a iwo natsegulidwa kamodzikamodzi. Nyumba zambiri zinagulidwa ndi anthu a m'mizinda, amene abwera pa tchuthi chokha. Ife sitingalitche bata lotere mtendere wokhawokha.

Ndipo zimenezi zimkhudza wapaulendo pamimba. Si mudzi uliwonse uli ndi sitolo kapena wophika buledi. Kumene aliko, ambiri atseka dzuwa likafika pamutu kufikira cha m'ma 2 koloko, ena natsekanso tsiku Lolemba lonse. Wosadziwa zimenezi angathe kupalasa makilomita 30 ndi njala pakati pa minda ya mpesa. Eni nyumba zogona alendo ndi zodyeramo amene ali pafupi ndi njira zazikulu za njinga amapachika chizindikiro cholembedwa Accueil Vélo, chosonyeza kuti ali ndi posungira njinga ndi zida zokonzera ikaphulika, ndipo ndalama za apanjinga zathandiza ena a iwo kuti asatseke zitseko zao.

Za madzi akumwa, apanjinga a kumeneko ali ndi nzeru imene idzakudabwitsani. Botolo likauma, iwo afunafuna manda. Manda a ku France ali kumapeto kwa mudzi, ozingidwa ndi linga lamiyala, ndipo aliyense alowamo usana popanda kupempha kwa mfumu. Pafupi ndi chipata kawirikawiri pali mpopi, umene anauikira amai okalamba odzathirira maluwa pa mitumbira ya amuna ao. Wapanjinga atsamiritsa njinga yake palinga, nayang'ana ngati palibe chikwangwani cha mau akuti eau non potable, ndiko kunena madzi osayenera kumwa. Akaona kuti palibe, adzaza botolo lake, natseka chipata bwino potuluka.