Iwo ali ndi labotale, ife tili ndi njinga yamoto

Anthu ambiri muno mu Zomba amatidziwa ife a zaumoyo wa m'madera ngati otseka malesitilanti, olanda nyama yoonongeka pamsika ndi okakamiza anthu kukumba zimbudzi. Zonsezo timachitadi, ndipo lamulo la Public Health Act la 1948 limatipatsa mphamvuzo. Koma mtima wa ntchito yathu ndi kutseka njira ya matenda munthu asanakagonekedwe ku Zomba Central Hospital. Dokotala amafunsa wodwala kuti akumva bwanji. Ife timafunsa kuti watunga kuti madzi, wadya chiyani, ndipo ndani wina akumwa pomwepo.

Kuno mafunso amenewa amayambira paphiri. Madzi a m'mipopi ya mumzinda amachokera ku damu la Mulunguzi, ndipo a Southern Region Water Board amawayeretsa asanafike m'makomo. Mitsinje ya Mulunguzi, Likangala ndi Domasi imatsikira ku Chilwa, nyanja yopanda potulukira madzi. Choncho chonyansa chimene chalowa mu Likangala m'tauni chimakapeza mlimi wa mpunga kumunsi ndi msodzi wa ku Kachulu. Nkhalango ya paphiri ikapsa kapena ikadulidwa mosasamala, dothi limakokolokera m'madzi, ndipo madzi amatope amadya klorini wambiri asanayambe kupha tizilombo. Wodula paini pamwamba ndi mayi wosungunula thanzi ORS kumunsi amamwa mtsinje umodzi.

Anthu amadabwa tikawauza kuti madzi oyera mbee a pachitsime chawo ndi oipa. Diso silingaweruze. Timatunga madzi m'botolo lophedwa tizilombo, n'kuliika m'bokosi la ayezi, ndipo lifike ku labotale pasanathe maola 6. Kumeneko amasefa mamililita 100, n'kuika kasefako pa kutentha kwa madigiri 44 usiku wonse. M'mawa amawerenga timadontho timene tamera. Tikufuna E. coli, kachilombo kokhala m'matumbo, chifukwa kakapezeka ndiye kuti chimbudzi cha munthu kapena ndowe zakumana ndi madziwo. Muyezo wa World Health Organization ndi wakuti m'madzi akumwa musapezeke ngakhale kamodzi. Za klorini n'zachangu: amafunika mphindi 30 kuti agwire ntchito, ndipo nthawi ya kolera timafuna wotsala m'madzi akhale mamiligalamu 0.5 pa lita.

Zonsezi zimalira zipangizo, mankhwala, magetsi ndi munthu wa nthawi yokhala pansi ndi manambala. Ofesi ya zaumoyo ya boma siikhala nazo zonse nthawi zonse. Koma chapafupi pomwepa, ku Chirunga, pali University of Malawi, imene ambiri timaitchulabe Chanco, yokhala ndi malabotale, aphunzitsi ndi ophunzira ofuna mitu ya kafukufuku chaka chilichonse. Mumzinda womwewu mulinso National Statistical Office, Geological Survey ndi Forestry Research Institute of Malawi (FRIM). Ndi maboma ochepa amene ali ndi mwayi wotere.

Ife tili ndi zimene iwo alibe. Mlangizi wa zaumoyo amadziwa mjigo umene unathyoka, mudzi umene unabwerera kumtsinje, mfumu yoyenera kuyamba kuiona, ndi mwezi umene ana amayamba kutsegula m'mimba. Tilinso ndi mphamvu ya lamulo. Pulofesa angathe kutsimikiza kuti chitsime n'choipa, koma sangachitseke.

Nanga bwanji mgwirizano umavuta? Choyamba, mawotchi athu ndi osiyana. Wofufuza amawerenga nthawi m'zaka, chifukwa ayenera kupeza chilolezo, kusonkhanitsa umboni wokwanira ndi kudikira akatswiri anzake aunike ntchito yake. Ife timawerenga m'maola, chifukwa kolera amatha kupha munthu wamphamvu tsiku lomwelo. Chachiwiri, nthawi zambiri wofufuza amatipeza funso atalisankha kale. Amabwera ndi kalata, timam'patsa mlangizi womuperekeza, amatunga madzi n'kupita. Zotsatira zimadzatuluka patapita zaka, m'Chingerezi, m'magazini ya akatswiri ya kunja imene mlangizi uja sadzaiona, anthu akumwabe pachitsime chomwecho. Kumbali ya boma nakonso kuli zake: malipoti a zaka zambiri amagona m'makabati, ena olembedwa mosakwanira, ndipo alipo amene akamva za kafukufuku amayamba afunsa za alawansi.

Komabe taonapo zikuyenda. Kumapeto kwa 2015 kolera anabuka pa Chilwa, makamaka pakati pa asodzi okhala m'zimbowera, tinyumba toyandama timene amakhalamo milungu yambiri osatsika kumtunda. Madzi akumwa ndi a m'nyanjamo, chimbudzi ndi momwemo. Katemera wa kolera wakumwa amafuna kawiri, motalikirana milungu iwiri, ndipo msodzi amene wam'peza lero sudziwa kumene adzakhale tsiku limenelo. Mu 2016 Unduna wa Zaumoyo, a Médecins Sans Frontières ndi ofufuza anayesa njira yatsopano: msodzi amwe katemera woyamba pamaso pa a zaumoyo, wachiwiri atenge akamwe yekha pa tsiku lake. Ofufuza anatsatira kuti aone ngati asodzi anamwadi, ndiponso ngati katemera anawateteza atakhala kunja kwa firiji. Njirayo inathandiza, ndipo zotsatira zake zinawerengedwa m'maiko ena. Funso linachokera panyanja, kwa anthu amene amavutika nalo, ndipo ofufuza anabwera kudzayankha limenelo.

Chitsanzo china ndi ntchito yothandiza anthu a m'chigwa cha Chilwa kupirira kusintha kwa nyengo, imene inayamba mu 2010 motsogozedwa ndi bungwe la LEAD la ku Chanco, pamodzi ndi a FRIM ndi WorldFish, ndi thandizo la dziko la Norway. Anapita kukakamba za mitengo, ulimi ndi nsomba, koma anthu anawauzanso za likodzo. Iwo anamva, n'kufufuza. Likodzo limadzera mu nkhono za m'madzi odekha, ndiye ngalande ya mthirira imene yabweretsa mpunga ingathenso kubweretsa magazi mumkodzo wa mwana. Wa zaulimi payekha sangazione zimenezi, ngakhalenso wa chipatala payekha.

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona, koma pometa amaloza ndi mwini mutu. N'chifukwa chake ndimati mgwirizano weniweni umayamba funso lisanalembedwe. Wophunzira asanasankhe mutu, adzakhale nafe pansi timuonetse mavuto amene akutisowetsa tulo. Tigwirizane polemba kuti botolo likapezeka ndi E. coli, foni ilire tsiku lomwelo, osadikira kuti buku lake lithe. Mlangizi amene wayenda naye dzina lake lioneke pa ntchitoyo. Zotsatira zibwerere kumudzi m'Chichewa kapena m'Chiyao, komanso zifike ku khonsolo nthawi yokonza bajeti isanadutse. Ife mbali yathu ndi kutsegula makabati, kulemba malipoti olongosoka, ndi kulandira zotsatira ngakhale zitaonetsa kuti klorini amene tinagawa sanafike mumtsuko.

Mafunso alipo ochuluka. Kolera amene anayambira ku Machinga mu Malichi 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo anapitirira ngakhale m'chilimwe, nyengo imene tinazolowera kupuma. Namondwe wa Freddy mu 2023 anagwetsa zimbudzi ndi kusefukiza zitsime. Chilwa inaphwa mu 1995 ndi mu 2018, ndipo ikaphwa anthu amakumba m'matope kufuna madzi. Ndi zitsime ziti zimene zimaipa msanga mvula yoyamba ikagwa? Klorini wogawa pakhomo amakhala masiku angati ali ndi mphamvu? Kutha kwa mitengo paphiri kukusintha bwanji madzi a Mulunguzi? Wophunzira wa chaka chomaliza amene akusaka mutu asavutike n'kukopera za maiko ena. Afike ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Zomba, afunse wamkulu wa zaumoyo wa m'madera, ndipo abwere ndi mabotolo ake mvula isanayambe.