KUGONA PANJA PA DAMU LA MPIRA

Pa tchuthi chachikulu chapitachi, ine ndi anzanga atatu tinachita chinthu chimene kumudzi anatiseka nacho kwambiri. Tinasiya nyumba zofolera bwino n'kukagona kutchire, m'mbali mwa damu la Mpira, m'mapiri a Mvai kwathu ku Ntcheu. Agogo anga aakazi atamva anandifunsa kuti, "Kodi iwe, kusukuluko mwalakwa chiyani kuti mukagone ndi afisi?" Tsono ndikufuna ndifotokoze chimene tinapitira, m'mene munthu amagonera pa malo otere, ndiponso chifukwa chake madzi amenewa ayenera kutikhudza tonsefe.

Nkhani inayambira m'kalasi. Tsiku lina tinaphunzira za nyanja zopezeka pamwamba pa mapiri ophulika. Mnzanga wina anaumirira kuti nayonso Mpira ndi nyanja yotero, poti ili pakati pa mapiri. Ine ndinakana. Tinagwirizana kuti tikaone ndi maso, ndipo wolephera adzagula mandasi a anthu onse anayi.

NYANJA ZA KUMAPIRI SIZIBADWA MOFANANA

Pansi penipeni pa dziko m'potentha koopsa, mwakuti m'malo ena miyala imasungunuka n'kukhala ngati phala. Phala limeneli likapeza mng'alu limakwera, ndipo likafika pamwamba limaphulika n'kulavula moto, phulusa ndi utsi. Kuphulikako kukatha, nthawi zina nsonga ya phiri imatitimira n'kusiya chidzenje chonga mtondo. Mvula ndi akasupe zikadzaza chidzenjecho, basi nyanja yabadwa.

Nyanja yotere yapafupi nafe ndi Ngozi, imene ili kumwera kwa dziko la Tanzania pakati pa Mbeya ndi Tukuyu, kutsidya kwa malire athu a ku Karonga. M'litali mwake ndi makilomita pafupifupi 2.5, ndipo yazingidwa ndi zipupa za phiri zokutidwa ndi nkhalango yowirira. M'dera lomwelo muli mapiri ophulika a Rungwe ndi Kyejo. Phiri la Kyejo linaphulika komaliza cha m'ma 1800.

Nyanja zoterezi n'zokongola, koma zina zimasunga zoopsa pansi pake. Usiku wa pa 21 Ogasiti 1986 nyanja ya Nyos ku Cameroon inatulutsa mwadzidzidzi mpweya woipa wa carbon dioxide umene unaunjikana pansi pa madzi kwa zaka zambiri. Mpweya umenewu ndi wolemera kuposa umene timapumawu, choncho unatsetsereka m'zigwa ngati madzi n'kupha anthu oposa 1,700 pamodzi ndi ziweto zawo, ambiri ali m'tulo.

Kuno ku Malawi tilibe phiri limene likuphulika, komabe moto wapansi unasiya zizindikiro. Mapiri a Zomba ndi Mulanje anapangidwa ndi phala la miyala limene linazizira lisanatulukire kunja, zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Mvula ndi mphepo zitakokolola miyala yofewa yapamwamba, yolimbayo inatsala ili njo. Phiri la Kangankunde ku Balaka ndi chitsa cha njira yakale imene phala lotere linkakwerera. Komanso boma lathu la Ntcheu lili m'mphepete mwa chigwa chachikulu chimene chinapangika pamene nthaka inang'ambika n'kutitimira. Mukaima pamtunda n'kuyang'ana kumunsi ku Bwanje mumaona chigwa chimenechi, ndipo ndi momwemo mmene mukukhala nyanja ya Malawi. Akasupe otentha a ku Nkhotakota ndi ku Chiweta, ndiponso zivomezi za ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009, zikuonetsa kuti pansipa sipanagone.

Nanga Mpira? Titangofika mkangano unatha, pakuti tinaona chipupa chachikulu chotchinga mtsinje. Iyi ndi nyanja yopangidwa ndi manja a anthu, monga damu la Mulunguzi pa phiri la Zomba kapena la Luwawa ku Viphya. Ntchito yake inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 n'kutha kumayambiriro kwa m'ma 1990. Poti damuli lili pamtunda, madzi amatsika okha m'mapaipi mpaka kukafika m'midzi yambiri ya Ntcheu ndi Balaka, ndi pa tauni ya Balaka pomwe. Mandasi aja tinadya, ndipo anakoma kwambiri.

KUKONZEKERA ULENDO

Safunsa anadya phula. Mvai ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo lamulo la zankhalango la 1997 silola munthu kumangodula mitengo kapena kuyatsa moto m'menemo mwa iye yekha. Choncho tisananyamuke tinapempha chilolezo kwa oyang'anira nkhalango, ndipo titafika m'mudzi wapafupi tinayamba taonekera kwa anyakwawa. Izi n'zofunika pa zifukwa ziwiri. Choyamba, anyamata anayi achilendo oyenda ndi chikwanje madzulo akhoza kuyesedwa akuba ng'ombe. Chachiwiri, mukapanda kubwerako pa nthawi yake pamakhala wina wodziwa kokakufunani.

Katundu asachuluke, pakuti zitunda zake sizisewera. Ife tinatenga tenti yobwereka, mphasa, mabulangete, majuzi, tochi, machesi okulunga m'pepala la pulasitiki, poto, ufa, usipa, mchere, mbatatesi ndi chigubu cha madzi. Chimene tinaiwala ndi masokosi okhuthala, ndipo tinawalira.

POMANGA MSASA

Apa ndi pamene tinalakwitsa. Bambo wina wachikulire amene anatiperekeza kuchokera m'mudzi muja anatiloza kachitunda kotalikirana ndi madzi, nati, "Ana anga, mugone apo." Ife poona kukongola kwa madzi pamene dzuwa linkalowa, tinadikira kuti atembenuke ndipo tinakhoma tenti yathu kumunsi, pafupi ndi gombe.

Cha m'ma 2 koloko usiku tonse tinali maso, mano akuombana. Tenti inali itanyowa ndi mame ngati yavumbwa ndi mvula, ndipo nkhungu inali itakuta madzi onse. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Munthu akakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, choncho kuphiri n'kozizira kale. Kuonjezera apo, usiku wopanda mitambo nthaka imataya msanga kutentha kwake. Mpweya wozizira, poti ndi wolemera, umatsetsereka m'zitunda n'kukadikha pamalo otsika, ndipo malo otsikitsitsa ndi pamene pali madzi. Wogona pachitunda amafunda kuposa wogona m'chigwa. Mawu a akulu amakoma akagonera.

Pali zifukwa zinanso zosagonera pagombe. Udzudzu umachuluka pamenepo, nyama zakutchire zimabwera kudzamwa usiku, ndipo m'nyengo ya dzinja mvula yogwa kumtunda ikhoza kudzaza khwawa louma inu musanaone ngakhale dontho. Sankhani malo okwera pang'ono, osalala, opanda chulu kapena njira ya linthumbu, ndiponso osakhala pansi pa mtengo wouma.

MOTO NDI MADZI

Kuzizira kuja kutatikwana, tinasonkhezera moto kwambiri. Mphepo inaomba, ndipo kakhala kamodzi kanaulukira m'maudzu. Mu Ogasiti udzu umakhala wouma ngati pepala. Tisanaphethire n'komwe malawi anali atafika m'mawondo. Tinathyola nthambi zaziwisi n'kuyamba kupuntha, wina akuthira madzi a m'chigubu, mpaka unazima. Malo amene anapsa sanali aakulu kuposa mphasa zinayi, koma ndinanjenjemera mpaka kucha poganiza kuti mphepo ikanalimba pang'ono, ife amene tinabwera kudzaphunzira tikanatentha phiri lonse.

Tinaphunzirapo izi. Musanayatse moto, lambulani udzu ndi masamba mozungulira, mapazi asanu mbali zonse, ndipo muzinge motowo ndi miyala. Miyalayo isakhale yotola m'madzi, chifukwa chinyezi cha m'kati mwake chikatentha mwala umatha kuphulika. Tolani nkhuni zogwa zokha. Moto ukhale waung'ono, madzi akhale pafupi, ndipo pochoka muuthire madzi n'kuvundula phulusa mpaka mutaligwira ndi dzanja osapsa.

Kunena za madzi, kumbukirani kuti a m'damu lotere akukamwedwa ndi anthu ena kumunsi. Ife sitinasambemo kapena kuchapamo. Mbale tinkatsukira kutali ndi gombe. Pofuna kudzithandiza tinkapita patali ndithu, kukumba kadzenje n'kukwirira. Madzi akumwa tinkayamba tawiritsa, pakuti kuyera kwa madzi sikutanthauza kuti alibe tizilombo. Mapepala ndi mabotolo tinabwerera nazo.

CHIMENE TINAONA KUTACHA

M'mawa dzuwa litabalalitsa nkhungu tinakwera pamwamba kuti tione dera lonse. Malo ena mitengo yachilengedwe monga misuku ndi mitsamba ikadalipo, ndipo pansi pake nthaka ndi yakuda, yofewa ndi yonyowa. Koma malo ena tinaona zitsa, mabala akuda a mauvuni a makala, ndi minda yokwera m'zitunda. M'munsi mwa malo oterewa munali ngalande zofiira zolunjika kudamu.

Nkhalango imagwira ntchito ngati chinkhupule. Masamba amachepetsa mphamvu ya madontho a mvula, zinyalala zapansi zimachedwetsa madzi, ndipo mizu imatsegula njira zoti madziwo alowe m'nthaka. Madzi olowa pansiwo amatuluka pang'onopang'ono m'akasupe, n'chifukwa chake mtsinje umayendabe mu Okutobala mvula itasiya kalekale. Mitengo ikachoka, mvula imathamanga pamwamba tsiku limodzi itanyamula dothi. Dothilo limakakhazikika pansi pa damu, ndipo malo amene dothi lakhala madzi sakhalaponso. Damu likhoza kuoneka lodzaza pamwamba pamene m'mimba mwake mwachepa.

Izi si nthano ayi. M'chaka cha 2018 damu la Mpira linaphwa. Mvula inali itachepa, nkhalango inali itaonongeka, dothi linali litadzaza, ndipo anthu odalira madziwo anali atachuluka kuposa pamene linkamangidwa. Mipopi ya ku Balaka ndi m'midzi yambiri inauma kwa miyezi. Ine ndinali wamng'ono, koma ndikukumbukira amayi akudzuka tambala woyamba asanalire kukaima pamzere pa mjigo, n'kubwerako dzuwa litakwera ndi ndowa imodzi yokha. Masiku ena achemwali anga ankajomba kusukulu chifukwa chosaka madzi. Chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa. Mvula itabweranso madzi anabwerera, koma zimene zinaphwetsa damu sizinathe zonse.

Sindikufuna kuweruza wootcha makala, pakuti ambiri amatero chifukwa cha njala, ndipo makalawo timaphikira ife tomwe. Bambo aja atabwera kudzatitenga anaona pamene panapsa, natiyang'ana kwa kanthawi. Kenaka anati, "Tsono mwaona kuti phiri silitenthedwa ndi anthu oipa okha." Palibe anayankha.

Anzanga, ambiri a ife tikachoka pano tidzakhala pakati pa anthu amene amamwa madzi ochokera m'mapiri otere. Ndikupemphani kuti pa tchuthi chikubwerachi mufunse kwanu kumene madzi a pa mpopi kapena pa chitsime chanu amachokera, ndipo ngati n'kotheka mukafikeko ndi mapazi anu. Mukatenge chilolezo, juzi ndi masokosi, mukagone pachitunda, ndipo moto ukhale waung'ono. Ife anayi tagwirizana kuti mvula ikayamba tidzabwererenso ku Mvai, ulendo uno titanyamula mbande za mitengo.