Njira yochoka ku Tete kukafika mu Moçambola

Timu ya ku Angónia kapena Tsangano siyingangolowa mu Moçambola. Iyenera kuyamba yachita bwino mu mpikisano wa chigawo cha Tete. Ikatero imakakumana ndi akatswiri a ku Manica, Sofala ndi Zambézia, poti dziko lidagawidwa patatu: kumpoto, pakati ndi kumwera. Yopambana pakatipo ndiyo imakwera.

Mpikisano wa dziko lonse udayamba mu 1976, ndipo chikho choyamba chidapita ku Textáfrica ya ku Chimoio. Tete idadikira mpaka 2017, pomwe União Desportiva de Songo idachitenga.

Chimene chimagwetsa matimu akumidzi kawirikawiri si kuchepa luso, koma ndalama za maulendo, chakudya ndi malo ogona osewera.